Kukonza khola la ball python kuno ku Chipata: khola liyambe, njoka ibwere pambuyo

Ball python ndi nsato yaing'ono ya kumadzulo ndi pakati pa Africa, kumaiko monga Ghana, Togo, Benin ndi Nigeria. Si nsato yathu ija ya m'madambo ndi m'chigwa cha Luangwa, imene imapitirira mamita 4 n'kumeza mbuzi. Iyi ikakula imalekeza pa mita imodzi kapena mita ndi theka, ndipo yaikazi ndiyo imakulirapo. Ilibe ululu. Ikaopsezedwa kawirikawiri siluma, imangodzipinda n'kubisa mutu pakati pa thupi. Kufatsa kumeneku ndiko kumakopa anthu amene akuyamba kuweta njoka, koma n'komwenso kumawapusitsa. Njoka yozizidwa silira, yopsa sibuula. Imangokhala duu mpaka matenda atazika mizu. Yosamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30.

Kwawo kumafunda pafupifupi chaka chonse, ndipo masana imabisala m'mauna a makoswe ndi m'mphako za chulu, momwe muli mdima ndi chinyezi. Ife tili pamtunda wopitirira mamita 1,000. Mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kufika cha m'madigiri 10 kapena 12, mu Okutobala kumatentha kupitirira 32 mpweya uli gwa, ndiye magetsi nawo amathima. Khola lanu liyenera kupirira zonse zitatuzi, ndipo muyenera kuliona likupirira njoka isanalowemo. Oweta nkhuku amadziwa: moto wa anapiye umayatsidwa anapiyewo asanafike.

Choyamba: mapepala ndi anthu a pakhomo

Musanagule thabwa ngakhale limodzi, pitani ku ofesi ya Department of National Parks and Wildlife mukafunse za chilolezo. Nyama zakutchire kuno zimayang'aniridwa ndi lamulo la Zambia Wildlife Act la 2015, ndipo ball python ili pa mndandanda wotchedwa Appendix II wa CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, kutanthauza kuti siidutsa malire a dziko popanda mapepala. Kuilowetsa pa malire a Mwami itabisidwa m'chikwama ndi mlandu. Wogulitsa akuonetseni mapepala, akuuzeni kuti inaswedwa liti, ndipo inadya komaliza liti. Sankhani yoswedwa m'khola osati yogwidwa kutchire, chifukwa yakutchire imabwera ndi nkhupakupa ndi njoka zam'mimba ndipo nthawi zambiri imakana kudya. Wina akakubweretserani kamwana ka nsato komwe wakatola kumunda, mukane. Kameneko kadzakula n'kuposa khola lililonse la m'nyumba, komanso kukasunga popanda chilolezo n'kulakwira lamulo.

Kenako khalani pansi ndi a m'nyumba mwanu, eni nyumba ngati mukuchita lendi, ndi aneba oyandikana nanu. Tonse tikudziwa zimene anthu amaganiza akamva kuti uje akusunga njoka m'chipinda. Nkhani ikamveka ngati mphekesera imafika patali, ndipo mwina muthera kwa amfumu kapena kupolisi. Ndi bwino aimve kwa inu, aone mapepala, aone khola ndi loko wake. Ngati amayi a m'nyumba kapena agogo anena kuti ayi, ine ndingati dikirani. Nyama yosafunidwa pakhomo sikhalitsa.

Chachiwiri: chakudya chidzachoka kuti

Funso ili liyankheni tsopano, osati njoka itamva njala. Ball python imadya mbewa ndi makoswe athunthu, ubweya ndi mafupa omwe. Poti kuno kum'mawa mbewa n'zosasowa, munthu angaganize kuti vutoli latha. Ayi. Mbewa zowiritsa ndi mchere n'kuyanika zija ndi ndiwo zathu, njoka siingadye. Zokumba kumunda zimakhala ndi utitiri ndi njoka zam'mimba, ndipo khoswe wa m'nyumba mwina wadya kale poizoni kwa aneba. Kumbukiraninso kuti ku Nyimba kunabuka mliri wa plague mu 2015, matenda oyenda ndi utitiri wa makoswe. Choncho pezani munthu woweta mbewa zoyera amene angakutumizireni zoundana m'firiji, kapena muziweta nokha m'kakhola kapadera kutali ndi njoka. Ngati zonse ziwirizi zakanika, nkhani ya njoka ithere pomwepa.

Chachitatu: malo ake m'nyumba

Sankhani chipinda chabata, chokhala ndi siling'i ngati n'kotheka, chifukwa malata opanda siling'i amawotcha masana n'kuzizira mbandakucha. Khola lisayang'anizane ndi zenera lolowa dzuwa. Dzuwa likawomba pagalasi, m'kati mumatentha msangamsanga mpaka kupha njoka. Likhale kutali ndi khitchini, utsi wa mbaula, ndi masipika a wailesi. Liikeni patebulo lolimba, miyendo yake muiimike m'zitini za madzi kuti nyerere ndi linthumbwi zisakwere. Linthumbwi likalowa usiku njoka ilibe kothawira.

Chachinayi: bokosi lenilenilo

Njoka yaikulu imafuna khola la masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kutalika. Ena amasunga m'timabokosi tating'ono kwambiri ponena kuti nyamayi siyendayenda. Ine sindigwirizana nazo. Masana imagonadi, koma usiku imatuluka, imakwera, imafufuza ngodya iliyonse, ndipo iyenera kutha kudziwongola. Komanso m'bokosi lalifupi simungakhale mbali yofunda ndi mbali yozizirirapo, zomwe ndiye mtima wa ntchito yonseyi.

Kalipentala aliyense wodziwa makabati, wa ku Kapata kapena kwina, angalipange mutamujambulira. Agwiritse ntchito plywood yokhuthala, ya mamilimita 15 kapena 18, pansi, m'mbali, kumbuyo ndi pamwamba. Matabwa amasunga kutentha kuposa galasi, n'chifukwa chake thanki ya nsomba yovindikira ndi waya siyenera kuno: mu Juni imataya kutentha, mu Seputembala imataya chinyezi. Kutsogolo kukhale magalasi awiri otsetsereka, a mamilimita 5 kapena 6, osalazidwa m'mphepete. Pansi pa magalasiwo asiye thabwa la masentimita 10 kapena 12 lotchinga dothi kuti lisatayikire panja.

M'kati monse mupake vanishi wosungunulira ndi madzi, kawiri kapena katatu, ndipo m'ngodya mumate silikoni wa mathanki a nsomba. Silikoni wa kubafa amakhala ndi mankhwala opha nkhungu, ameneyo ayi. Matabwa opakidwa oyilo wakuda kapena mankhwala a chiswe asayandikire n'komwe. Mukatha, lisiyeni lotsegula pamthunzi milungu iwiri. Lowetsani mutu m'katimo mununkhize. Fungo likadalipo, dikiranibe.

Mpweya uzilowa ndi kutuluka. Booleni mabowo angapo m'munsi kumbali yozizirirapo ndi ena m'mwamba kumbali yofunda, muwatchinge ndi waya wa sefa wokhomerera bwino. Tsopano fufuzani mipata. Paliponse pamene mutu ungalowe thupi lidzatsatira, ndipo njoka iyi ndi yamphamvu kuposa maonekedwe ake, imakankha galasi ndi mphuno mpaka litatsetsereka. Gulani loko wa magalasi a m'mashopu. Mpata wa pakati pa magalasi awiriwo ukhale wochepetsetsa, ndipo pobowola polowera mawaya mumate. Ikathawa, woyamba kuiona panja adzaipha ndi khasu, ndipo simungamudzudzule.

M'kati musamatemo tepi ya mtundu uliwonse. Ikamatuka imakakamira pamamba n'kusenda khungu.

Ngati mukuyamba ndi kamwana ka masentimita 30 kapena 40, mungakasunge kaye miyezi yoyamba m'bokosi la pulasitiki la masentimita 60 kwa 40, la chivindikiro chotsekeka ndi zokowera. Mabowo a mpweya booleni ndi msomali wotentha kuchokera m'kati kupita kunja kuti zokhakhala zitsalire panja.

Chachisanu: kutentha

Apa ndi pamene njoka zambiri zimafera, ndiye tichedwepo.

Njoka sipanga kutentha kwake. Imafunda posamukira pofunda, ikafuna kuzizirako imasamukanso. Chakudya chimagayika ndi kutentha kumeneko, ndipo thupi limalimbana ndi matenda ndi kutentha komweko. Choncho chotenthetsera chikhale kumapeto kumodzi kokha. Kumbali yofunda, pansi pogona njoka pakhale madigiri 31 mpaka 32. Kumbali inayo pakhale 24 mpaka 27. Usiku khola lisatsike kupitirira 23 kapena 24. Likakhala pamwamba pa 34 kwa nthawi yaitali, njoka ili pangozi.

Zotenthetsera zoyenera zilipo ziwiri. M'bokosi la pulasitiki gwiritsani ntchito heat mat, kamphasa kopyapyala ka magetsi, koyalidwa kunja kunsi kwa bokosi, kofika gawo limodzi mwa magawo atatu a pansipo. M'khola la matabwa heat mat siithandiza kwenikweni, chifukwa kutentha sikudutsa bwino plywood ndi dothi lochindikala. Mmenemo pachikani babu la ceramic lotulutsa kutentha popanda kuwala, la mawati 60 mpaka 100, pa holuda ya dothi yosasungunuka. Babulo lizingeni ndi kakhola ka waya kokhomerera kudenga. Popanda kakholako njoka idzalizengereza, ndipo simva msanga kuti ikupsa. Mabala a moto pamimba ya njoka amatenga miyezi kuti apole. Miyala yotenthetsa ndi magetsi imene ena amagulitsa isiyeni pachifukwa chomwechi. Mababu ofiira a anapiye nawo si abwino, chifukwa njoka imafuna mdima weniweni usiku.

Chotenthetsera chilichonse chidutse pa thermostat, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi molingana ndi kutentha. Pamenepa palibe zokambirana. Heat mat yolumikizidwa kukhoma mwachindunji imatha kupitirira madigiri 45. Ngati ya njoka yeniyeni yasowa, thermostat ya makina oswera mazira, imene ogulitsa zipangizo za nkhuku amakhala nayo, imagwira ntchito: imayatsa kukazizira, imazimitsa kukafunda. Munthu wodziwa magetsi ndiye akulumikizireni. Kamutu kake koyezera kaikeni pomwe pali kutenthapo. Pa heat mat kakhale pakati pa mat ndi bokosi. Pa babu la ceramic kalendewere kumbali yofunda pang'ono pamwamba pa dothi, komangidwa kuti njoka isakasunthe. Kakasunthidwira kozizira, thermostat imaganiza kuti khola lazizira ndipo siizimitsanso.

Poitanitsa zipangizo pa intaneti yang'anani mphamvu yake. Magetsi athu ndi a mavoti 230. Za ku America ndi za 110 kapena 120, zimapsa mukangozilumikiza.

Thermostat si themomita. Gulani mathemomita awiri a manambala okhala ndi kawaya koyezera, imodzi mbali iyi ina mbali inayo, pansi pomwe njoka imagona osati m'mwamba pakhoma. Imodzi ikhale yoyezanso chinyezi. Dzanja lanu musalikhulupirire. Khungu la munthu ndi lofunda kale, ndiye malo amene inu mukumva kuti akutentha bwino, kwa njoka atentha mopitirira.

Nanga magetsi akathima? Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinkakhala maola ambirimbiri tsiku lililonse opanda magetsi, ndipo zoterezi zikhoza kubweranso. Mu Novembala kuthima kwa maola ochepa si kanthu. Mu Julayi usiku ndi nkhani ina. Konzekerani motere. Kunja kwa khola, kumbuyo ndi m'mbali, matani zidutswa za styrofoam zija zimabwera ndi mafiriji. Usiku wozizira fundikani bulangete koma mabowo a mpweya akhale poyera. Ngati muli ndi batire ya sola ndi inverter, dziwani kuti heat mat ya mawati 15 kapena 20 ingayake usiku wonse, pamene babu la mawati 100 limamaliza batire yaing'ono msanga. N'chifukwa chake ndimalangiza kusunga bokosi la pulasitiki lija ndi mat yake ngakhale njoka itasamukira m'khola lalikulu. Pa usiku wovuta mumaibwezeramo. Zonse zikakanika, thirani madzi ofunda, osati owira, m'botolo lotsekeka bwino, mulikulunge thaulo, muliike pafupi ndi pobisala. Mbaula isalowe m'chipindamo, mpweya wa makala umapha njoka ndi munthu yemwe. Ndipo pamene simungathe kusunga kutentha musaidyetse. Chakudya chimaola m'mimba yozizira, njoka n'kusanza. Kuphonya mlungu umodzi kapena iwiri sikuivulaza.

Mu Okutobala vuto limatembenuka. Thermostat idzazimitsa yokha, koma chipindacho chikafika 33 khola lonse limakhala mbali yofunda. Tsekani makatani masana, litsitsireni khola pafupi ndi simenti m'chipinda chozizirirapo, ndipo kumbali imodzi ikani botolo la madzi oundana lokulunga nsalu.

Chachisanu ndi chimodzi: pansi ndi chinyezi

Mwezi woyamba yalani mapepala oyera kapena nyuzipepala. Sizikongola, koma pamapepala mumaona msanga ngati njoka yabwera ndi tizilombo takuda tating'onoting'ono toyamwa magazi, mumaonanso chimbudzi chake. Mwezi ukatha bwino, thirani zoyala zenizeni zochindikala masentimita 7 mpaka 10. Zabwino ndi makoko a kokonati ogayidwa, omwe ogulitsa zipangizo za nazale amawatcha coco peat, osasakaniza feteleza. Mungawasakanize ndi dothi lakuda la pamalo osathiridwa feteleza kapena mankhwala, mutaliwotcha kaye mumphika kuti tizilombo tife. Pamwamba wazani masamba ouma a mango a mtengo wosapoperedwa.

Utuchi wa kwa kalipentala ndi waulere koma usiyeni. Wambiri ndi wa paini, mafuta ake amapweteka mapapo a njoka, ndipo simudziwa kuti mwasakanizika chiyani. Mchenga umauma kwambiri, makoko a nshawa amachita nkhungu.

Chinyezi chikhale pakati pa 60 ndi 70 peresenti, chikwereko pang'ono njoka ikamafundula. Njira yake si kupopera pamwamba tsiku lililonse. Thirani madzi m'ngodya kuti alowe pansi, pamwamba pakhale pouma. Njoka yogona ponyowa imaola mamba a pamimba, yokhala pouma kwambiri imafundula zidutswazidutswa n'kutsala ndi khungu lakale m'maso ndi kunsonga ya mchira. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa mudzathira pafupipafupi. Kuyambira Disembala mpaka Malichi mwina osathira n'komwe, m'malo mwake muziyang'anira nkhungu.

Chachisanu ndi chiwiri: pobisala, madzi ndi nthambi

Pobisala pakhale pawiri, pofanana, pena kofunda pena kozizirirapo. Mukaika pamodzi pokha, njoka imasankha kubisala kusiyana ndi kutentha koyenera, imakakamira pomwepo ngakhale pakuipweteka. Mphika wadothi wovundikira, wobowola khomo limodzi m'mbali n'kusalaza ndi sandipepa, ndi wabwino koposa: ndi wolemera, wamdima, ndipo umasunga chinyezi. Ukhale wothina, woti njoka ikadzipinda izikhudza m'mbali. Ikakula musinthe mphika. Mphika wachitatu wokhala ndi coco peat wonyowa pang'ono umathandiza pofundula.

Mbale ya madzi ikhale yolemera yosagubuduzika, yoti njoka ingalowemo. Madzi a pampopi kapena a pamjigo omwe inu mumamwa ndi okwanira, musinthe tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri. Ikanimo nthambi imodzi kapena ziwiri zouma za mtengo wolimba, zokhuthala kuposa njokayo, zothiridwa madzi owira n'kuyanikidwa, zokhomerera kuti zisagwe. Nkhadze ndi mitengo ina ya utomoni woyera ayi. Pakati pa miphika iwiri ija pasakhale bwalo. Dzazanipo makungwa, masamba ndi maluwa a pulasitiki kuti izidutsa osaoneka. Ball python zambiri zokana kudya n'zamantha chabe, chifukwa cha khola lopanda kanthu. Kuwala kwa m'chipinda kapena kababu ka LED koyaka maola 12 n'kokwanira kuti izidziwa usana ndi usiku.

Chachisanu ndi chitatu: liyeseni lopanda njoka

Yatsani zonse, tsekani magalasi, mulisiye mlungu wathunthu. Lembani m'kabuku manambala a mbali zonse ziwiri ndi chinyezi katatu patsiku: mbandakucha cha m'ma 5 koloko pamene kumazizira kwambiri, masana cha m'ma 14, ndi usiku pogona. Usiku umodzi zimitsani dala magetsi a khola muone kuti pofika m'mawa latsika kufika pati, kenako yesani batire kapena botolo lija. Manambala akasokonekera, konzani n'kuyambanso kuwerenga. Akakhazikika mlungu wonse, muuzeni wogulitsa kuti mwakonzeka.

Njoka ikafika

Ibwere m'kathumba ka nsalu komanga pakamwa, m'kati mwa katoni ya mabowo. Ngati ikuchokera ku Lusaka, ulendo wa pa Great East Road ndi wa makilomita oposa 550, ndipo cha ku Luangwa Bridge kumatentha koopsa, choncho katoniyo isakhale padzuwa kapena pafupi ndi injini. Mukafika tsegulani kathumba m'khola pafupi ndi mphika wofunda, tsekani loko, muchokepo. Mlungu woyamba musaigwire, musaitanire anzanu kudzaiona, muzingosintha madzi ndi kuwerenga mathemomita.

Mlungu ukatha idyetseni madzulo. Mbewa ikhale yonenepa mofanana ndi pakati pa thupi la njoka, yosungunuka bwino mpaka m'kati n'kufunditsidwa m'madzi ofunda, ndipo muipereke ndi chopanira osati ndi zala. Yamoyo musaisiyemo, khoswe amaluma njoka mpaka mabala. Kamwana kamadya pakapita masiku 5 mpaka 7, yaikulu pakapita milungu iwiri kapena itatu. Ikadya isiyeni masiku awiri osaigwira. Maso akachita mbuu ndi khungu kuzimirira, ikukonzeka kufundula, ndipo nthawi imeneyo imakana chakudya. Zazikulu, makamaka zazimuna, zimatha kukana miyezi ingapo nyengo yozizira. Muziiyeza pasikelo mwezi uliwonse, ngati sikuonda musade nkhawa.

Chimbudzi chotsani mukangochiona, zoyala zonse musinthe pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira njoka kapena za m'khola, chifukwa zokwawa zimanyamula Salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba, ndipo mbale yake isatsukidwire pamodzi ndi za kukhitchini. Ana aang'ono asaigwire okha.

Mankhwala ophera tizilombo ndi adani a njoka. M'chipinda chake musapoperemo za mphemvu, musayatsemo koyilo wa udzudzu. A zaumoyo akabwera kudzapopera makoma pothana ndi malungo, aloleni ndithu, koma tulutsani kaye khola ndi njoka, mudzabwezere fungo litatheratu ndipo lisagunde khoma. Tizilombo takuda tija mukatiwona, musathamangire dibi ya ng'ombe. Bwezerani njoka pamapepala, tayani zoyala zonse, tsukani khola ndi madzi otentha, mufunse dokotala wa ziweto. Madokotala ambiri kuno anazolowera ng'ombe, nkhumba ndi agalu, ndiye funsiranitu njoka ili bwino kuti ndani angaione. Sukulu ya madokotala a ziweto ya pa University of Zambia ku Lusaka ndi malo amodzi oyambira. Mukamva kuti ikupuma moliza mluzu, ikutuluka thovu kukamwa, ikukhala yoyasama, kapena pamimba pafiira ndi matuza, yang'anani mathemomita nthawi yomweyo ndipo muimbire dokotalayo tsiku lomwelo.